Mapointi a Januwale asakunamizeni: zoyenera kuyembekezera kwa opalasa njinga a mu timu yanu ya fantasy

Mipikisano ikuluikulu ya njinga imatsegulidwa pakati pa Januwale ku Adelaide, m'dziko la Australia, pa nthawi imene kuno mvula imakhala ili pachimake ndipo ku Ulaya, kwawo kwenikweni kwa masewerowa, kumazizira koopsa. Anthu amene amasewera fantasy cycling amakhala atangotseka kumene matimu awo. Kwa ife a chigawo chino cha Africa, zigawo za tsiku ndi tsiku za mpikisano wa ku Adelaidewo, wotchedwa Tour Down Under, zimatha m'mamawa, ndiye munthu amadzuka n'kuthamangira foni kuti aone ngati anyamata amene anagula abweretsa kanthu. Pofika kumayambiriro kwa Malichi ena amakhala ayamba kale kudzitama, ena ataya mtima. Magulu onse awiriwa nthawi zambiri amakhala afulumira.

Amene amasewera Fantasy Premier League akudziwa kale maziko ake: mumapatsidwa ndalama zongoyerekeza, mumagula osewera enieni, ndipo zimene iwo achita kubwalo zimasanduka mapointi anu. Koma kunjinga kuli kusiyana kumodzi kumene kumasintha zonse. Wosewera mpira akakhala bwino, mumadziwa kuti sabata iliyonse alowa m'bwalo. Wopalasa njinga salowa mpikisano uliwonse. Timu imakhala ndi anthu pafupifupi 30, koma pampikisano umodzi imatumiza asanu ndi awiri, kapena asanu ndi atatu ikakhala mipikisano itatu ija ya masabata atatu: Giro d'Italia, Tour de France ndi Vuelta a España. Katswiri amene munamugula modula akhoza kutha mwezi wathunthu osaoneka paliponse, ali kuphiri akuchita zokonzekera, ndipo palibe cholakwika chilichonse.

Masewero a fantasy nawonso ndi amitundumitundu, ndipo zimene muyembekezere zimadalira kaye malamulo a amene mukusewerawo. Velogames, pa mipikisano ya masabata atatu, imakupatsani ndalama 100 zoti mugulire opalasa asanu ndi anayi, ndipo mpikisano ukayamba palibenso kusintha. Wielermanager ya Sporza ku Belgium imalola kusinthako anthu angapo nyengo ili mkati. Ndiye pali masewero a chaka chonse, ena ozikidwa pa mapointi a CQ Ranking (mndandanda wa pa intaneti wosanja opalasa potengera zotsatira zawo), mmene mtengo wa wopalasa umakhala mapointi amene anapeza chaka chatha. Mtundu wachitatuwu ndi umene umaphunzitsa kwambiri, chifukwa funso lake si lakuti “kodi ameneyu ndi katswiri?” koma lakuti “kodi chaka chino apeza zoposa zimene anapeza chatha?” Tiyerekeze kuti wina munamugula 2,000 n'kubweretsa 1,500, pomwe mnyamata wina wa 100 wabweretsa 600. Woyambayo ndi wamphamvu kuposa wachiwiri, zimenezo palibe angatsutse, koma amene wakupindulirani ndi wachiwiriyo.

Tiyambe ndi Januwale, mwezi wonamiza kuposa yonse.

Tour Down Under ili ndi mapointi ambiri kuposa kulimba kwake. Pa mlingo umene bungwe la UCI, loyendetsa masewero a njinga padziko lonse lapansi, linagwiritsa ntchito kuyambira 2023 mpaka 2025, wopambana mpikisanowu ankapeza mapointi 500, chimodzimodzi wopambana Paris–Nice kapena Tirreno–Adriatico, pomwe akuluakulu ambiri omenyera Tour de France sapitako n'komwe. Amene amawala kumeneko kawirikawiri ndi anthu a ku Australia ndi New Zealand, amene kwawo ndi nyengo yotentha ndipo amakhala atangochoka kumipikisano ya dziko lawo, komanso a ku Ulaya ochepa amene asankha dala kuyamba sizoni ali otentha kale. Richie Porte anapambana chigawo cha phiri la Willunga zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, kuyambira 2014 mpaka 2019. Munthu akanaona zimenezo n'kumati Julayi wafika m'manja akanalira, pakuti mu 2017 ndi mu 2018 Porte anatuluka mu Tour de France atagwa, maulendo onse awiri pa chigawo cha 9. Sam Welsford anatenga zigawo zitatu ku Australia mu 2024, zinanso zitatu mu 2025, koma atafika ku Ulaya kukakumana ndi Jasper Philipsen, Tim Merlier ndi Jonathan Milan, zinthu sizinayende chimodzimodzi. Mvula ya chizimalupsa imanyowetsa nthaka ndithu, koma mlimi wanzeru sadzalira pamenepo.

Sikuti mapointi a Januwale ndi achabe ayi. Amawerengedwa mofanana ndi a Julayi, ndipo amene anagula Daryl Impey wa ku South Africa mu 2018 ndi 2019, pamene anapambana Tour Down Under kawiri motsatizana, anakolola msanga. Nkhani ndi yakuti muziwatenga ngati ndalama yolowa kale m'thumba, osati ngati lonjezo la zimene zikubwera. Ndipo nthawi zina Januwale amanena zoona. Stephen Williams anapambana ku Australia mu 2024, n'kudzapambananso Flèche Wallonne mu Epulo, tsiku la mvula ndi chisanu limene anthu ambiri anasiyira panjira.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri mu mwezi umenewu ndi achinyamata ongolowa kumene. Mu Januwale 2024 Isaac del Toro wa ku Mexico, ali ndi zaka 20, anapambana chigawo chachiwiri cha Tour Down Under, womwe unali mpikisano wake woyamba wa WorldTour (mlingo wapamwamba kwambiri wa mipikisano ya njinga), n'kumaliza wachitatu pa mpikisano wonse. Anali atapambana Tour de l'Avenir, mpikisano wa achinyamata, chaka chapitacho, choncho oonetsetsa ankamudziwa, koma mtengo wake m'masewero ambiri unali wotsika poti anali asanapalaseko ndi akuluakulu. Chofunika pamenepo sichinali kupambanako kokha. Chinali chakuti timu yake ya UAE, yodzaza ndi akatswiri, inamulola kudzimenyera yekha m'malo momutuma kukatenga madzi kugalimoto. Chaka chotsatira anavala malaya a mtsogoleri ku Giro d'Italia kwa masiku ambiri, mpaka Simon Yates atamulanda pa phiri la Colle delle Finestre kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uthe. Arnaud De Lie naye anayamba chimodzimodzi mu 2022: zaka 19, Januwale, ku Mallorca, chipambano pa Trofeo Playa de Palma. Ndipo sabata yomweyo pachilumba chomwecho Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana Trofeo Alcúdia. Patangotha miyezi iwiri, pa 27 Malichi, anatenga Gent–Wevelgem, kenako chigawo cha Giro ku Jesi atagonjetsa Mathieu van der Poel. Amene anaonera tsikulo amakumbukira kuti chotsekera botolo la vinyo wachikondwerero chinamuthudzulira m'diso ali pansanja, ndipo mawa lake sanathe kupitiriza. Palibe woyang'anira timu ya fantasy amene akanawerengera zimenezo.

Ndiye kwa wachinyamata wotchipa, chimene muyenera kuyang'ana m'miyezi iwiri yoyamba si nambala ya mapointi, koma ntchito imene timu yake ikumupatsa. Kodi pa makilomita asanu omaliza anzake akumutchinjiriza kumphepo, kapena iye ndiye akutchinjiriza wina? Amene wamaliza wachisanu ndi chitatu anzake akumugwirira ntchito ndi wamtengo wapatali kuposa amene wamaliza wachitatu mwamwayi atathawa ndi kagulu kam'mawa.

Apa mpofunika kunena za chinthu chimene ongoyamba kumene amachiphonya: njinga ndi masewero a timu amene mphoto yake imapita kwa munthu mmodzi. Mwa anthu asanu ndi awiri, mmodzi kapena awiri ndiwo amaloledwa kumenyera chipambano. Enawo amakoka chigulu, amatseka mipata, amanyamula mabotolo, akatopa n'kutsalira. Akhoza kukhala amphamvu zedi koma osabweretsa pointi ngakhale imodzi. N'chifukwa chake kusintha timu kumasintha mtengo weniweni wa munthu, mbali zonse ziwiri. Kawirikawiri wopalasa amene anali mtsogoleri kutimu yaing'ono akasamukira ku yaikulu amasanduka wothandizira, ndipo mapointi ake amagwa ngakhale miyendo ili yomweyo. Koma si nthawi zonse. Matteo Jorgenson atachoka ku Movistar kupita ku Visma mu 2024, ambiri ankaganiza kuti akukangokhala wantchito wa Jonas Vingegaard. M'malo mwake anapambana Paris–Nice ndi Dwars door Vlaanderen mwezi umodzi womwewo wa Malichi. Mbali ina ya nkhaniyi ndi Sepp Kuss, wothandizira wodziwika kumapiri, amene anapambana Vuelta ya 2023. Mtengo wake unakwera kufika pa wa mtsogoleri, koma mu 2024 Covid inamulepheretsa kupita ku Tour de France, ndipo ku Vuelta sanayandikire n'komwe pamene anali chaka chapitacho. Amene wangochita sizoni yabwino koposa m'moyo wake ndiye woopsa kugula, chifukwa mukulipirira nsonga.

Febuluwale amabalalitsa chigulu. Ena ali ku Valencia, ena ku Algarve m'dziko la Portugal, ena ku Andalucía, ena ku Oman, ena ku UAE Tour kumene zigawo zambiri n'zachigwa ndipo wopambana amadziwika pa mapiri monga Jebel Hafeet. UAE Tour ndi malo abwino oonera othamanga a kumapeto, chifukwa ambiri mwa otchuka amakumana kumeneko, ndipo mumaona ngati anthu owatsogolera pa kilomita yomaliza akumvana. Mwezi womwewo kuli Tour du Rwanda, kumene anyamata a ku Eritrea monga Natnael Tesfatsion ndi Henok Mulubrhan anapambanako. Musanaikepo mtima, onani kaye ngati masewero anu amawerengera mipikisano ya mlingo umenewo, pakuti ena amangotenga ya WorldTour ndi ina yochepa yosankhidwa.

Mfundo imeneyi ya mipikisano ing'onoing'ono ili ndi ndale zake. Matimu a WorldTour ndi 18, ndipo malo awo amaunikidwa pa zaka zitatu zilizonse potengera mapointi a UCI. Kumapeto kwa 2022 Lotto Soudal ndi Israel–Premier Tech anatsitsidwa. Timu imene ili pangozi yotere imasiya kusunga anthu ake. Imawatumiza kulikonse kumene kuli mapointi, ndipo m'malo moti onse agwirire ntchito mmodzi, imafuna atatu kapena anayi amalize pakati pa khumi oyamba. XDS Astana inalowa 2025 ili pamavuto otere, ndipo kuyambira Febuluwale anthu ake anali paliponse. Cristian Scaroni anapambana Classic Var ndi Tour des Alpes-Maritimes ku France m'masiku ochepa chabe. Kwa wosewera fantasy, timu yanjala ngati imeneyi ndi mgodi, chifukwa opalasa ake apakatikati amabweretsa zambiri kuposa mtengo wawo. Izi zimaoneka ngakhale sizoni isanayambe, ngati munthu wayang'ana mndandanda wa matimu.

Nanga akuluakulu aja amene anadya theka la bajeti yanu? Kwa iwo, kusaoneka mu Januwale ndi Febuluwale sikutanthauza kanthu. Mu 2024 Tadej Pogačar sanapalase mpikisano uliwonse mpaka pa 2 Malichi. Tsikulo, pa misewu yafumbi ya Strade Bianche pafupi ndi Siena, anathawa yekha kutatsala makilomita 81. Chaka chimenecho anatenga Volta a Catalunya, Liège–Bastogne–Liège, Giro, Tour, mpikisano wa dziko lonse ku Zürich ndi Il Lombardia. Van der Poel, amene nyengo yozizira amaithera mu cyclo-cross (mipikisano ya njinga ya m'matope ndi m'udzu), anayamba sizoni yake ya pamsewu mochedwanso kuposa apo, pa Milano–Sanremo, ndipo tsikulo anagwirira ntchito Philipsen. Kenako anapambana E3, Ronde van Vlaanderen ndi Paris–Roubaix. Amene anali ndi awiriwa pa 1 Malichi anali ndi mapointi awo ziro, ndipo anali ndi timu yabwino.

Chifukwa chake n'chakuti masiku ano akatswiri sakonzekeranso popikisana ngati kale. Amakonzekera kumapiri ataliatali monga Teide ku Tenerife ndi Sierra Nevada ku Spain, kumene amakhala masabata angapo m'mpweya wochepa, kenako n'kutsika atakonzeka kale. Masiku awo opikisana ndi ochepa koma olemera. Ndiye chofunika kwambiri kuwerenga mu Disembala ndi Januwale si zotsatira, koma ndondomeko imene timu yalengeza kwa atolankhani pa misasa yawo ya ku Spain: uyu apita ku Giro, uyu ku Tour, uyu ayesa zonse ziwiri. Pa mlingo wa UCI uja, Tour inali ndi mapointi 1,300 kwa wopambana, Giro ndi Vuelta 1,100, ndipo mipikisano isanu ikuluikulu ya tsiku limodzi 800 uliwonse. Wachitatu pa akatswiri a dziko lonse akasankha Giro m'chaka chimene awiri omuposa apita ku Tour, mtengo wake weniweni wakwera asanakhudze n'komwe njinga.

Samalaninso ndi mipikisano yogundana masiku. Paris–Nice ndi Tirreno–Adriatico zimachitika sabata imodzi. Mukakhala ndi atsogoleri anayi onse opita ku Italy, akulandana mapointi okhaokha pomwe ku France mulibe munthu.

Kumapeto kwa Febuluwale anthu a ku Belgium amati sizoni yeniyeni yayamba: Omloop Het Nieuwsblad Loweruka, Kuurne–Brussel–Kuurne Lamulungu. Awa ndi masiku oyamba a misewu ya miyala ndi timapiri totsetsereka ta ku Flanders, ndipo amakopa maganizo kwambiri chifukwa njira ya Omloop imadutsa malo ambiri odziwika ku Ronde van Vlaanderen. Koma pakati pa Omloop ndi Ronde pali masabata asanu, ndipo kufikira 2025 panalibe mwamuna amene anapambana zonse ziwiri m'chaka chimodzi. Ena amati ndi tsoka chabe. Ine ndimaona kuti chifukwa chake n'chosavuta: thupi silikhala pa nsonga kwa nthawi yaitali, ndipo amene akulinga Ronde ndi Roubaix nthawi zambiri amabwera ku Omloop asanapse kapena sabwera n'komwe. Opambana ngati Jan Tratnik mu 2024 ndi Søren Wærenskjold mu 2025 anali anthu abwino otchipa, koma amene anathamangira kuwagula chipambano chitachitika kale anagula mapointi amene anali atapita.

Ndiye pali ngozi, zimene palibe angazipewe. Wout van Aert anakonza 2024 yake yonse mozungulira Ronde ndi Roubaix. Anapambana Kuurne, n'kusiya Strade Bianche ndi Sanremo kuti akakhale ku Teide. Pa 27 Malichi, kutatsala masiku anayi kuti Ronde ichitike, anagwa pa liwiro lalikulu mu Dwars door Vlaanderen n'kuthyoka fupa la paphewa ndi nthiti. Patangotha masiku asanu ndi atatu, pa chigawo chachinayi cha Itzulia ku Basque Country, pakona imodzi potsika phiri panagwa Vingegaard, Remco Evenepoel ndi Primož Roglič. Vingegaard, amene anali atangopambana Tirreno–Adriatico mosavuta, anathyoka nthiti ndi phewa ndipo mapapo ake anavulala. M'masiku ochepa matimu a fantasy ambirimbiri anaphwasuka.

Koma taonani zimene zinatsatira, chifukwa apa ndi pamene anthu amalakwitsa kachiwiri. Vingegaard anabwerera mu Julayi n'kumaliza wachiwiri ku Tour. Evenepoel anamaliza wachitatu, kenako anatenga mendulo ziwiri za golide ku Olympics ya ku Paris. Van Aert anapambana zigawo zitatu ku Vuelta asanagwenso. Fupa la paphewa, limene opalasa njinga amathyoka kawirikawiri, limachira pa masabata angapo, ndipo ambiri amayamba kupalasa njinga ya m'nyumba atangochitidwa opaleshoni. Zimene zimadya nthawi mosadziwika bwino ndi zina: kugunda mutu, monga zinamuchitikira Vingegaard ku Paris–Nice mu 2025 pamene sanapikisanenso mpaka Juni, bondo, msana, ndi matenda osaoneka monga Lyme amene anasokoneza De Lie kumayambiriro kwa 2024. Ngati masewero anu amalola kusintha anthu, mtundu wa chovulalacho ndi umene ukuuzeni zochita, osati kukula kwa mantha a tsikulo.

Ovulala a chaka chatha ndiwonso amakhala otchipa chaka chino, ndipo aliyense amathamangirako. Nthawi zina n'zoona. Evenepoel anagundana ndi chitseko cha galimoto ya positi akuchita zokonzekera mu Disembala 2024, sanapikisane mpaka Epulo 2025, ndipo tsiku loyamba kubwerera anapambana Brabantse Pijl atagonjetsa Van Aert. Koma Egan Bernal, amene anawomba basi yoima ku Colombia mu Januwale 2022 atangopambana Giro chaka chapitacho, anatenga zaka kuti ayambe kuyandikira pamene anali. Kwa wobwerera kuchokera kungozi yaikulu, chinthu choyamba kuyembekezera ndi chakuti azimaliza mipikisano motsatizana popanda kubwerera kuchipatala. Mapointi amabwera pambuyo.

Masewero a amayi amayenda ndi nzeru yomweyi, kungoti atsogoleri ndi ochepa ndipo amakumana pafupipafupi, choncho zotsatira za Malichi zimalosera bwinoko za Epulo. Kumenekonso otchipa amatulukira: Kim Le Court wa ku Mauritius, amene anachokera ku njinga za m'mapiri, anapambana Liège–Bastogne–Liège ya amayi mu 2025 n'kudzavalanso malaya achikasu a mtsogoleri ku Tour de France Femmes.

Nthawi yoyamba imene mungaweruze timu yanu mwachilungamo ndi kumapeto kwa Epulo, Liège itatha. Ndipo ngakhale pamenepo, muweruze aliyense pa ntchito imene munamugulira. Wa misewu ya miyala amakhala atamaliza gawo lalikulu la chaka chake. Ngati sanabweretse kanthu pakati pa Omloop ndi Roubaix, mwayi wotsala ndi wochepa, mwina chigawo chimodzi ku Tour kapena mipikisano ya ku Canada mu Seputembala. Wothamanga wa kumapeto ayenera kukhala ataonetsa kuti ndiye woyamba kutimu yake, chifukwa timu imene ili ndi awiri imatenga mmodzi yekha ku Tour ndipo chisankhocho chimapangidwa potengera miyezi imeneyi. Wachinyamata ayenera kukhala atapatsidwako mpata kamodzi kapena kawiri. Koma wokwera mapiri amene akulinga Tour kapena Vuelta akhoza kukhala ndi timapointi tochepa ta ku Catalunya kapena ku Basque Country basi, pomwe mipikisano yonse itatu ya masabata atatu, Dauphiné (imene kuyambira 2026 imatchedwa Tour Auvergne-Rhône-Alpes), Tour de Suisse, mpikisano wa dziko lonse ndi Lombardia zikadali kutsogolo. Timu imene ikutsogola pa 1 Meyi nthawi zambiri imakhala yodzaza ndi anthu a ku Flanders, ndipo mwini wake amayamba kutsika pa mndandanda sabata yachiwiri ya Giro, chigulu chikangofika kumapiri.